Mutu 7: Kompyuta Ikagwira Rauta

Rauta ndi chida chimene akalipentala ambiri amachidziwa bwino: mota yamagetsi yokhala ndi zogwirira, ndipo kunsi kwake kumakhala kampeni kozungulira mwaliwiro loopsa. Ndiyo imene imakongoletsa m'mphepete mwa matebulo ndi kukumba tingalande pa zitseko za makabati. Mukaichotsa m'manja mwa munthu n'kuimangirira pa chimango choyenda, chokokedwa ndi timota tomvera kompyuta, mwapanga makina otchedwa CNC. Kamota kena kamayendetsa rautayo kumanja ndi kumanzere, kena kutsogolo ndi kumbuyo, kena kamaitsitsira m'thabwa ndi kuikweza. Mayendedwe atatu okhawa, akaphatikizidwa bwino, amatulutsa zilembo za pachikwangwani, miyendo ya mpando, mawilo a galimoto ya mwana, ngakhale nthiti za bwato.

Nzeru imeneyi inayambira kutali ndi matabwa, m'mafakitale a ndege. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons wa ku Traverse City m'chigawo cha Michigan ku America ankapanga mapiko a helikopita. Phiko lotere limakhota mwa mtundu wakewake, ndipo kuphonya pang'ono kumaononga ntchito yonse. Iye ndi injiniya wake Frank Stulen anayamba kuwerengetsera malo ambirimbiri a m'mphepete mwa phikolo pa makina a IBM owerenga makadi obooledwa, kenaka manambalawo ankaperekedwa kwa amisiri amene ankapukusa zogwirira za makina odulira. Funso linabwera lokha: bwanji manambalawo asamapite okha ku makina, osadzera kwa munthu? Asilikali a mumlengalenga a ku America anaikapo ndalama mu 1949, ndipo mu 1952 akatswiri a pa yunivesite ya MIT anaonetsa makina osema chitsulo amene ankatenga malangizo pa tepi ya pepala yobooledwa.

Tepi inapita kalekale, koma kalankhulidwe kake kanatsala. Makina ambiri a lero amamva chinenero chotchedwa G-code, chimene ndi mndandanda wa malamulo afupiafupi. G0 ndiye kuti thamangira pamalo akuti usakudula, G1 ndiye kuti dula molunjika mpaka pakuti, pamene G2 ndi G3 ndi zodula mokhota. Munthu amajambula chimene akufuna pa kompyuta, pulogalamu ina imasandutsa chojambulacho kukhala mizere mazanamazana ya malamulo oterewa, ndipo makina amangotsata mzere ndi mzere osafunsa kanthu.

Kuchoka m'fakitale kulowa m'nyumba za anthu

Kwa zaka makumi angapo makina otere anali a makampani akuluakulu okha. Mmodzi mwa anthu amene anawatsitsira kwa anthu wamba ndi Ted Hall, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Duke amene ankakonda kukhoma mabwato a pulayiwudi pa nthawi yake yopuma. Pofuna njira yodulira zidutswa zokhota za bwato, anadzipangira makina akeake, ndipo mu 1996 anayambitsa kampani ya ShopBot mumzinda wa Durham ku North Carolina. Mu 2009 Simen Svale Skogsrud wa ku Norway anatulutsa pulogalamu yaulere yotchedwa Grbl, imene imalola kachipangizo kotchipa ka Arduino kuwerenga G-code ndi kulamula timota. Kuyambira pamenepo ubongo wa makinawa unasiya kukhala chinthu chodula, ndipo anthu ochita zimenezi mongokonda anayamba kumanga makina awo m'magalaja, ena ndi aluminiyamu, ena ndi mapaipi odutsamo mawaya a magetsi, ena ndi pulayiwudi yemweyo. Makina otchedwa Maslow, amene Bar Smith ndi anzake analengeza mu 2016, ndi oseketsa powaona: thabwa limaimikidwa chotsamira, rauta imalendewera pa matcheni awiri, ndipo chimene chimaikanikizira pathabwa ndi njerwa ziwiri. Komabe amadula pulayiwudi wathunthu.

Timota timene timayendetsa makinawa ndi ta mtundu wa stepper. M'malo mongozungulira, timasuntha pang'onopang'ono mowerengeka, ndipo tambiri timamaliza kuzungulira kamodzi m'masitepe 200. Tinene kuti kamota kakukoka lamba wa mano otalikirana mamilimita 2 kudzera pa kawilo ka mano 20. Kakazungulira kamodzi, lamba wayenda mamilimita 40, choncho sitepe iliyonse ndi mamilimita 0.2. Zipangizo zolamulira timotati zimathanso kugawa sitepe imodzi kukhala zigawo zisanu ndi zitatu kapena kuposa, ndiye papepala makina opangidwa pakhomo amaoneka ngati angadule molondola kuposa kunenepa kwa tsitsi.

Zimenezo n'zapapepala. Kampeni kakaluma thabwa, thabwalo limakankha, ndipo chimango chilichonse chofooka chimagonja pang'ono. Lamba amatamuka, bawuti yomasuka imagwedera, ndipo bwalo limene linajambulidwa lozungulira bwinobwino limatuluka lophwatalala mbali imodzi. Choipa china n'chakuti timota timeneti sitidziwa ngati taphonya sitepe. Kompyuta ikatuma masitepe 1,000 koma kampeni n'kukodwa panjira, iyo imapitiriza kuwerenga ngati zonse zili bwino, ndipo chilichonse chodulidwa pambuyo pake chimakhala pamalo olakwika. N'chimodzimodzi magetsi akathima ntchito ili pakati: makina amaiwala pamene anali. Kumene magetsi amathimathima, timaswichi ta kumapeto kwa njanji, timene makina amakagunda kuti apezenso poyambira, n'tofunika kuposa mota yamphamvu. Ndipo munthu amene ali ndi ndalama zochepa achita bwino kumanga makina aang'ono olimba kusiyana ndi aakulu ogwedera.

Pulayiwudi

Aliyense amene anawazapo nkhuni akudziwa kuti mtengo umang'ambika mosavuta motsata ulusi wake, koma umakana ukaudula mopingasa. Umafufumanso ndi kunyala m'lifupi nyengo ikamasintha, pamene m'litali susintha kwenikweni. Pulayiwudi anapangidwa kuti athetse mavuto awiriwa. Ku fakitale chipika chimafewetsedwa ndi madzi otentha kapena nthunzi, n'kuzunguzidwa pa mpeni wautali umene umachisenda kukhala chipepala chopyapyala chachitali. Zipepalazo zikauma zimapakidwa guluu n'kusanjikizidwa mopingasana, china ulusi wake chakuno, chotsatira chauko, kenaka n'kupanikizidwa pa makina otentha. Magawo ake amakhala 3, 5, 7 kapena kupitirira motero, kuti mbali ziwiri zakunja zikhale ndi ulusi woloza kumodzi ndipo thabwa lisapindike.

Kulimba kwake si nkhani yokayikitsa. Ndege yankhondo ya ku Britain yotchedwa Mosquito, imene inauluka koyamba mu 1940, thupi lake linali la pulayiwudi wa mtengo wa birch wokuta mtengo wopepuka wa balsa, ndipo zina mwa zigawo zake zinkapangidwa ndi amisiri a mipando a ku High Wycombe. Kuno kwathu pulayiwudi wa paini amapangidwa ku Chikangawa, kumene kampani ya Raiply imagwiritsa ntchito mitengo ya m'nkhalango ya Viphya.

Eni makina a CNC amamukonda pulayiwudi chifukwa ndi wathyathyathya, ndi wamkulu, ndipo amabwera pa muyeso wodziwika wa mamilimita 1,220 m'lifupi ndi 2,440 m'litali. Amene amatamandidwa kwambiri ndi wa birch wochokera ku Finland, Latvia ndi Russia: wa mamilimita 18 amakhala ndi magawo 13 ofanana, opanda mapanga ambiri m'kati. Wotchipa amakhala ndi magawo ochepa onenepa, khungu lakunja lopyapyala kwambiri, ndi mapanga obisika amene amaonekera pokhapokha kampeni katadutsa kale.

Pali msampha umodzi umene umakola pafupifupi aliyense woyamba kumene. Pulayiwudi wogulitsidwa ngati wa mamilimita 18 nthawi zambiri sakwana 18 ndendende, ndipo matabwa awiri a mulu umodzi amatha kusiyana. Mipando ndi mashelefu ambiri a CNC amalumikizidwa mongolowetsana, chidutswa china m'mpata wa chinzake, popanda msomali. Mpata ukadulidwa wa 18 pamene thabwa ndi la 17.4, mpando umagwedera kuyambira tsiku loyamba. Kompyuta inachita zimene inauzidwa, koma inauzidwa zabodza. Mankhwala ake ndi kuyeza thabwa lenilenilo pamalo angapo, kusintha chojambula, ndi kuyamba mwadula kajoini kamodzi koyesera pa chidutswa chotsala.

Kudula

Kampeni ka rauta kali ndi mizere yopota, ndipo mbali imene mizereyo yapotera ndiyo imalamula maonekedwe a ntchito. Kokokera m'mwamba kamatulutsa utuchi bwino, koma kamazula khungu la pamwamba n'kusiya m'mphepete monyotsoka. Kokankhira pansi kamasiya pamwamba posalala, koma kamadzaza utuchi m'ngalande ndi kunyotsola khungu la kunsi. Kalipo kachitatu kophatikiza ziwirizi, kokokera m'mwamba kunsonga ndi kukankhira pansi chakumtunda, kamene kamapana makungu onse awiri chapakati. N'kokwera mtengo, ndipo kamagwira bwino pokhapokha ulendo woyamba wodula ukalowa mozama kupitirira gawo la kunsongalo, zimene makina ofooka sapirira nthawi zonse. Kwa makina a pakhomo, kampeni kokankhira pansi pamodzi ndi thabwa losalala loyalidwa kunsi zimakwanira ntchito zambiri. Thabwa la kunsilo, limene kawirikawiri limakhala la ulusi wa mitengo wopanikizidwa lotchedwa MDF, ndi loperekedwa nsembe: limachirikiza khungu la kunsi ndi kulandira mabala onse a kampeni kakabooleza.

Liwiro nalo limanyenga. Munthu wamantha amayendetsa makina pang'onopang'ono poganiza kuti akusamala, chonsecho ndi pamene akuononga. Rauta yozungulira maulendo 18,000 pa mphindi, ya kampeni ka mano awiri, imaluma maulendo 36,000 pa mphindi. Ikamayenda mamilimita 1,800 pa mphindi, dzino lililonse limabenthula mamilimita 0.05, ndipo kutentha kumachoka limodzi ndi tizibenthuto. Mukaichedwetsa kufika pa 300, dzino silikudulanso koma likungokhula, thabwa limapserera, kampeni kamabuntha msanga, ndipo guluu wa m'pulayiwudi amakabunthitsa kale ngakhale zonse zili bwino. Pansi pakamagwa tizibenthu tooneka ndi maso, zinthu zili m'malo. Pakamatuluka ufa wokhawokha ndi fungo la chopserera, onjezani liwiro la kayendedwe kapena chepetsani kuzungulira kwa rauta. Makina akamavutika, chepetsani kuya kwake: ambiri amayamba ndi theka la kunenepa kwa kampeni, ndiye kuti kampeni ka mamilimita 6 kamadya 3 pa ulendo umodzi.

Zina ziwiri n'zachidule. Chidutswa chikatsala pang'ono kudukiratu chimatha kusuntha n'kugundidwa ndi kampeni, choncho amasiya timilatho topyapyala tochigwirizira ku thabwa lalikulu, todzadula ndi tchizulo pomaliza. Komanso kampeni kozungulira sikangatulutse ngodya yakuthwa ya m'kati. Ena amalola makina kuti adyeko pang'ono pangodya iliyonse kuti chinzake chilowe bwino, zimene zimasiya timaenje tooneka pa joini, pamene ena amakonza ngodyazo ndi tchizulo. Njira yachiwiriyi ndi yochedwa koma ntchito yake imaoneka ya mmisiri.

Fumbi lisatengedwe mopepuka. Mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. CNC imadula kwa nthawi yaitali osapuma, ndipo phokoso la rauta limaononga makutu. Chokoka fumbi, chophimba mphuno chenicheni, magalasi ndi zotseka m'makutu ndi mbali ya makinawo. Ndiponso makina akamadula, mwini asachokepo, chifukwa kampeni kokodwa m'utuchi kamayatsa moto.

Ntchito imene makina sagwira

Makina amatha kudula zidutswa zonse za kabati m'maola ochepa. Kuti kabatiyo ifike poti munthu angaiike pabalaza, pamapita masiku, ndipo onsewo ndi a manja. Apa ndi pamene ntchito zambiri za CNC zimagwera, chifukwa munthu amene wazolowera kuti kompyuta imachita zonse mwamsanga sachedwa kutopa ndi sandipepa. Mlendo akalowa m'nyumba saona kuti joini inalondola mpaka gawo la milimita. Amaona kuwala kwa vanishi, ndipo dzanja lake limamva m'mphepete.

Kukwecha kumayamba zidutswa zisanalumikizidwe, pamene paliponse pakufikika. Nambala ya kuseri kwa sandipepa ikamakula, mchenga wake umachepa kukhakhala. Pa pulayiwudi ndi bwino kuyamba ndi 120 kapena 150, n'kumalizira ndi 180 kapena 220, motsata ulusi nthawi zonse. Sandipepa wokhakhala wa 60 kapena 80, amene amathandiza pa thabwa lochekedwa kumene, apa ndi mdani. Khungu la pulayiwudi wambiri silikwana milimita imodzi, ndipo mukaliboola pamatuluka chigamba cha guluu ndi gawo la pansi la ulusi wopingasa, chimene palibe vanishi angachibise. Ngozi imeneyi imachitika kwambiri m'mphepete, pamene dzanja limapendekeka. Kukulunga sandipepa pa kathabwa kosalala kumathandiza. Ngodya zakuthwa zimene makina amasiya ziyenera kufafanizidwa pang'ono, chifukwa penti ndi vanishi sakhala pa ngodya yakuthwa, ndipo ndi pomwe amayambira kusupuka.

M'mbali mwa pulayiwudi ndi nkhani ina. Pa magawo ake osanjikizana, theka limaonetsa kumapeto kwa ulusi, kumene kumamwa chilichonse chamadzimadzi, ndipo theka linalo silimwa kwambiri. Mukangopaka kamodzi monga mwachitira pamwamba, m'mbali mumauma mothothomoka, mwina mowala mwina mofiira. Njira zilipo zitatu. Pulayiwudi wabwino wa magawo ambiri amakongola mizere yake ikaonekera, bola ikwechedwe mpaka 220 ndi kupakidwa kawiri kapena katatu kuposa pamwamba. Wotchipa ndi bwino kumubisa pomata kathabwa kopyapyala ka mtengo weniweni m'mbali mwake. Ngati chinthucho chidzapentedwa, mapanga amatsekedwa ndi phala lotsekera matabwa, n'kukwechanso likauma. Ena amasakaniza utuchi ndi guluu, ndipo zimatseka ndithu, koma pamalopo sipalowa mtundu, choncho ndi njira yoyenera pansi pa penti pokha. N'chimodzimodzi ndi guluu aliyense wofinyikira pa joini: akaumira pamenepo osachotsedwa, amadzaonekera ngati banga loyera vanishi akangopakidwa.

Ofuna kudetsa paini kapena birch kuti aoneke ngati mbawa adziwe kuti mitengo iwiriyi imamwa mtundu mosalingana, pena kwambiri pena pang'ono, n'kutuluka mawangamawanga. Kupaka kaye chotsekera chopyapyala, monga sanding sealer kapena shellac wosungunulidwa kwambiri, kumachepetsa vutoli. Komabe paini wosiyidwa ndi mtundu wake amaoneka bwino kuposa paini wonamizira mbawa. Shellac ameneyu, tingonena modutsa, amachokera ku utomoni wa tizilombo tina tokhala m'mitengo ya ku India ndi Thailand, ndipo amasungunulidwa mu spiriti. Amauma m'mphindi zochepa, koma sapirira mowa kapena madzi okhalitsa, choncho si wa patebulo lodyera.

Vanishi wa polyurethane ndiye wolimba pa zinthu zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Wamafuta amapatsa thabwa mtundu wachikasu umene umakula ndi zaka, ndipo amachedwa kuuma. Wamadzi amasiya thabwa loyera ndipo amauma msanga, koma amadzutsa ulusi, thabwa n'kukhakhalanso. Pofuna kupewa zimenezi, amisiri amapukuta thabwa ndi kansalu konyowa pang'ono, kulisiya liume, n'kudutsapo mopepuka ndi sandipepa wosalala asanapake. Kaya ndi vanishi uti, kupaka mopyapyala katatu kumaposa kupaka monenepa kamodzi. Wonenepa amayenderera, amauma kunja m'kati muli mwamadzi, ndipo amakola fumbi. Pakati pa kupaka kulikonse pamafunika kudikira monga chanenera chitini, kukwecha mopepuka ndi 320, ndi kupukuta bwino. M'nyengo ya dzinja chinyezi chimatalikitsa nthawi yodikirayi. Kupakira m'chipinda chimene makina angomaliza kudula ndi kutaya vanishi, chifukwa fumbi losaoneka limakhala likutsikabe. Ndipo mbali zonse ziwiri zipakidwe, ngakhale yosaonekayo: chitseko cha kabati chopakidwa kumaso kokha chimamwa chinyezi kumbuyo n'kupindika.

Zikwangwani zili ndi ndondomeko yakeyake. Penti wothiridwa m'zilembo zosemedwa pa thabwa losapakidwa amayenda m'ulusi n'kutulukira kunja kwa chilembo. Njira yabwino ndi kupaka vanishi thabwa lonse lisanapite pa makina, kumatapo pepala lomata, kusema zilembo kupyola pepalalo, kutseka m'zilembomo ndi vanishi woonekera, kenaka n'kupenta. Pepala likamatulidwa, m'mphepete mwa zilembo mumatsala mwaudongo. Ngati chikwangwanicho n'chapanja, vanishi yekha sangachipulumutse. Pulayiwudi wa m'nyumba amamatidwa ndi guluu wosapirira madzi, ndipo mvula ikangopeza polowera magawo ake amamatuka. Wapanja amamatidwa ndi guluu wa phenol, amene kawirikawiri amaoneka ngati timizere takuda m'mbali mwa thabwa.

Otsala ndi mafuta, monga a linseed, amene ambiri amawakonda chifukwa safuna burashi: kungopaka ndi nsanza, kudikira pang'ono, n'kupukuta otsala. Amatulutsa maonekedwe a mtengo bwino ndipo pakakalika n'posavuta kukonza, ngakhale satchinga madzi ngati vanishi. Koma mafutawa sauma pouluka ngati madzi. Amauma pogwirizana ndi mpweya, ndipo pochita zimenezo amatulutsa kutentha. Pathabwa kutenthako kumabalalika, pamene m'mulu wa nsanza zofinyidwa kumaunjikana mpaka nsanzazo kuyaka zokha popanda machesi. Pa 23 February 1991 nyumba ya nsanjika 38 yotchedwa One Meridian Plaza mumzinda wa Philadelphia inapsa chifukwa cha nsanza za mafuta a linseed zimene anthu okonza matabwa anasiya pa nsanjika ya 22, ndipo ozimitsa moto atatu anafera pomwepo. Mukamaliza kupaka, nsanza zanu ziyanikeni panja imodziimodzi mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'chitini cha madzi musanatseke chitseko.